Ka keypad kolembera mayina pa sikelo ya mbatata

Wa ku Ulongwe: Akuluakulu, ndithandizeni maganizo. Ndikupangira gulu la alimi a mbatata ya kachewere sikelo yosunga yokha zomwe yayeza. Muli Arduino Uno (kakompyuta kakang'ono koyendetsa zonse), HX711 (kachipangizo kowerenga kulemera), LCD ya 16x2 (kasikirini ka mizere iwiri) pa I2C (njira yolumikizira zipangizo ndi mawaya awiri) ndi khadi la SD losungira zoyezedwa. Kuyeza ikuyeza bwinobwino. Chandivuta ndi dzina la mlimi. Ka keypad kanga ndi ka 4x4, manambala ndi A, B, C, D basi, ndipo bokosi lake ndi laling'ono ngati chikhatho. Alipo anapezapo kokhala ndi zilembo zonse?

Wa ku Moatize: Achimwene, kiyibodi yakale ya kompyuta, ya pulagi ya PS/2, imangodya mapini awiri a Arduino, clock ndi data. Kungoti pa msika simungayende nacho chimenecho.

Wa mu mzinda wa Tete: Kalipo ka zilembo zonse kotchedwa CardKB, ka kampani ya M5Stack, kukula kwake ngati khadi la ku banki. Kamayendera I2C pa adiresi 0x5F, ndiye kagawana mapini A4 ndi A5 ndi LCD yanu, yomwe nthawi zambiri imakhala pa 0x27. Ine ndinakagwiritsapo. Koma mabatani ake ndi ting'onoting'ono zedi, chala chimodzi chimadina awiri. Kalaliki amene wangonyamula thumba, manja ali dothi lokhalokha, avutika nako. Komanso n'koitanitsa kunja, mudikira.

Mkulu wa ku Furancungo: Mwana wanga, musataye ka 4x4 kajako. Mwaiwala momwe tinkalembera uthenga pa Nokia? Batani 2 ndi ABC, 7 ndi PQRS, 9 ndi WXYZ. Kudina kawiri msangamsanga kukupatsani chilembo chachiwiri. Ikadutsa sekondi imodzi osadinanso, chilembo chikhazikike. Mu pulogalamu, nthawiyo muziwerenga ndi lamulo la millis(), chifukwa lamulo lodikira la delay() limaimitsa zonse, ena mwa madinidwewo amatayika. Batani D likhale lofufuta, # lotsimikiza. Pa batani 1 muikepo kachizindikiro ka mu ng', apo ayi mayina athu ambiri alembedwa molakwika, ndipo pa tsiku lolipira pabuka mkangano.

Wa ku Ulongwe: Zamveka bambo. Nkhawa yanga ndi mzere. Tsiku logula anthu amachuluka, kalaliki azidinadina mpaka liti?

Mkulu wa ku Furancungo: Dzina lilembedwe kamodzi kokha, tsiku lolembetsa. Makinawo amupatse mlimi nambala, zonse zisungidwe pa SD. Akabweranso angotchula nambala, dzina lituluke pa LCD, iye avomere kuti ndi lake. Musasunge mayinawo mu RAM, memory yogwirira ntchito ya Arduino: Uno ili ndi 2 KB yokha, ndipo SD yatengapo kale mabayiti 512. Posunga mawu mu pulogalamu, String muipewe poti imadya RAM, gwiritsani char.

Wa mu mzinda wa Tete: Ndiwonjezepo chimodzi. Ka keypad ka pulasitiki komata kanandimatukira ndi dzuwa la kuno mu Okutobala, fumbi n'kulowa pansi. Kwanuko n'kozizira, komabe gulani ka mabatani olimba, muphimbe ndi pulasitiki yoonekera.

Wa ku Ulongwe: Ndayesa usiku wathawu pa breadboard (kabolodi koyeserapo mawaya), dzina langa latuluka lonse pamodzi ndi ng'. Mawa ndikam'patsa kalaliki ayese yekha ndisanatseke bokosi. Zikomo kwambiri akuluakulu.