Chombo chamatabwa chikakalamba, chimayambira pati kufa?

Wokonda Nyanja:
Akuluakulu, ndithandizeni. Chombo cha matanga chotchedwa Bounty chinamira pa 29 Okutobala 2012 kufupi ndi Cape Hatteras ku America, mu mkuntho wa Sandy. Mwa anthu 16, anapulumuka 14. Koma chinali chitangochoka kumene pokonzedwa ku Boothbay Harbor. Zitheka bwanji chombo chokonzedwa kumene n'kulowa madzi chonchi? Pa chombo chakale munthu ayang'ane chiyani kwenikweni?

Mmisiri wa Matabwa:
Achimwene, kupaka penti si kukonza. Bounty inakhomedwa mu 1960 ku Lunenburg, dziko la Canada, ndipo ku Boothbay amisiri anapeza nthiti, mitanda yopindika imene amakhomerapo matabwa a chombo, zitawola mkati, koma zambiri zinangosiyidwa kuti adzazione chaka china.

Chimene ambiri sadziwa n'chakuti chombo chimawola kuchokera pamwamba. Madzi amchere sawoletsa thabwa msanga. Mdani ndi mvula, imene imadontha m'mipata ya matabwa opondapo n'kukakhala pamitu ya nthiti, pamene mphepo siifika. Thabwa likakhala ndi chinyezi chochepera 20 peresenti, mafangasi, tizamoyo toonga nkhungu timene timawoletsa thabwa, sagwira ntchito. Chikafika cha m'ma 30, pamalo otentha osadutsa mphepo, ayamba kudya. N'chifukwa chake amisiri akale ankathira mchere pakati pa nthiti.

Poyesa, tengani nyundo yaing'ono muzigogoda thabwa lililonse, mapazi awiri alionse. Labwino limalira mokweza, nyundo n'kudumpha. Lowola limangoti phu, ngati mwamenya dzungu. Pamenepo bayani ndi chitsulo chosongoka. Chikatulutsa kachipanthi kotalika kolimba, thabwa lili moyo. Likathothoka tizidutswa tambalimbali ngati bisiketi, latha. Yambani ndi malo awa: pamene mlongoti ukudutsa pa matabwa opondapo, patsinde pake, kumutu ndi kumchira kwa chombo, ndiponso pozungulira zitsulo zomangapo zingwe za mlongoti. Mukapeza powola, dulani mpaka mutapitirira ndithu pa thabwa labwino, chifukwa timizu ta fangasi timakhala titalowa kale pomwe diso likuona kuti n'pabwino.

Wa Misomali:
Ndionjezepo za zitsulo, poti matabwa abwino opanda chowagwira ndi nkhuni chabe. Mtengo wa oak uli ndi asidi amene amadyana ndi chitsulo. Msomali umachita dzimbiri, thabwa lozungulira limada n'kufewa, bowo n'kukula. Kunja mutu wa bawuti umaoneka wathunthu, koma pakati, pamene thabwa lakumana ndi nthiti, patsala ngati singano. Maso sangakuuzeni. Muyenera kuzula ingapo, makamaka pa thabwa loyamba logundana ndi msana wa chombo ndi pamene matabwa awiri alumikizana. Ingapo ikapezeka yodyeka, dziwani kuti anzake ali chimodzimodzi. Ndipo musasakanize mkuwa ndi chitsulo pamalo amodzi m'madzi amchere, chitsulocho chimatha mofulumira.

Misomali ikamasuka, chombo chimayamba kugwedera pa mafunde. Matabwa amasuntha pang'onopang'ono n'kulavula zotsekera m'mipata. Padoko madzi olowa amakhala ochepa, anthu n'kumati zili bwino. Panyanja yolusa ndi pamene mipata yonse imayasama nthawi imodzi.

Kutseka mipata kuli ndi dongosolo lake: thonje poyamba, kenako ulusi wa hemp wonyikidwa m'phula, pamwamba phula kapena pate. Mukakhomerera kwambiri mumakankha matabwa n'kumasula misomali. Mukalekerera, madzi adutsa. Ndipo ngati m'mphepete mwa thabwa mwawola, ngakhale muthire zomatira zamtundu wanji, sizigwira.

Wokonda Nyanja:
Zikomo kwambiri bambo. Nanga mapampu? Ndimayesa ntchito yawo ndi yochotsa madzi olowawo.

Mmalinyero Wakale:
Pampu imagula nthawi basi, mwana wanga. Pa Bounty mapampu ankatsekeka ndi zinyalala ndi tizidutswa ta matabwa toyandama pansi, madzi anakwera mpaka majenereta ndi mainjini anazima, mapampu amagetsi n'kuima. Ndiye sesani pansi pa chombo musananyamuke, yesani pampu iliyonse ndi madzi enieni, ndipo pakhale imodzi yosadalira magetsi. Lembani m'buku kuti mwapopa kangati patsiku. Nambala imeneyo ikamakwera, chombo chikukuuzani zinazake.

Palinso matenda a ukalamba amene nyundo siingawapeze, kupindika kwa msana. Pakati pa chombo m'potakata, madzi amapanyamula kwambiri, pamene kumutu ndi kumchira n'kowonda koma kolemera. Pakapita zaka, mbali ziwirizo zimagwa, pakati n'kutukuka. USS Constitution, sitima yankhondo ya America ya mu 1797, inapindika pafupifupi masentimita 35, ndipo anaiwongola pang'onopang'ono padoko louma ku Boston kuyambira mu 1992, n'kuikamo mitanda yopingasa yolimbitsa. Kuchitulutsa m'madzi sikuthetsanso vuto. HMS Victory, sitima yankhondo yakale ya Britain, yakhala pamtunda ku Portsmouth kuyambira 1922, ndipo inayamba kuphwasuka ndi kulemera kwake komwe mpaka anaichirikiza ndi mizati yachitsulo 134.

M'nyanja yamchere mulinso teredo, kachilombo konga nyongolotsi koma ka mtundu wa nkhono. Kamalowa pa kabowo kochepa ngati nsonga ya singano n'kufumbula thabwa mkati monse, kunja kuli see. Zombo zakale ankazikuta ndi mapepala amkuwa chifukwa cha kameneka. Masiku ano ndi penti wapansi, ndipo pamene wakalika pokhudza mwala m'pamene kamalowera. Chombo chizitulutsidwa chaka chilichonse, koma chisakhalitse padzuwa, matabwa amauma n'kutsegula mipata.

Mmisiri wa Matabwa:
Kwa a kwathu amene ali ndi ngalawa za matanga ku Likoma ndi Chizumulu, teredo musamuope, sakhala m'madzi opanda mchere. Koma kuwola ndiye kumafulumira, chifukwa madzi a m'nyanja yathu ali ngati mvula yomwe ija. Kapani madzi onse ngalawa ikaima, chotsani matabwa apansi kuti mphepo idutse, ndipo muigogode yonse Mwera asanayambe.