Mpikisano wathu wa chesi: malamulo tigwirizane pano

Achimwene aakulu: Mwadzuka bwanji nonse. Mpikisano wa chesi wa pabanja uja wayandikira, ndiye ndati malamulo tigwirizane pano pa gulu, osati tidzayambe kukangana bolodi litayalidwa kale ngati chaka chatha. Amene ali ndi ganizo alembe

Amalume: Langa ndi limodzi basi. Stalemate ichoke. Munthu ndakudyera zonse, watsala ndi mfumu yokha ilibe kolowera ngakhale palibe chikuiopseza pamene yaimapo, ndiye mukuti talepherana? Ayi. Wotsekera mnzake ndiye wawina

Msuweni: kkkkk amalume gemu ija ndi mdzukulu wanu ikukuwawanibe eti

Amalume: Iwe khala chete, ndikunena za chilungamo ine

Achemwali: Amalume simuli nokha, ngakhale Nigel Short wa ku England amene anasewera ndi Kasparov pa world championship mu 1993 amanena zomwezo. Koma taganizani kaye. Mukatsala inu mfumu ndi poni imodzi, mnzanu mfumu yokha, panopa ngati mfumu yake yaima bwino kutsogolo kwa poniyo gemu imatha draw, ndipo chimamupulumutsa ndi stalemate yomweyo. Mukaichotsa ndiye kuti poni imodzi yokha ikukwana kuwinira nthawi zambiri, aliyense azingokakamira ma poni ake osafuna kupereka kanthu kuti aukire, gemu izikhala youma. Komanso ku England konko m'zaka za m'ma 1700 wotsekera mnzake stalemate ndi amene ankaluza

Amalume: Kuluza?? ameneyo ndiye misala

Azakhali: Achimwene isiyeni stalemate. Ana akatsala ndi mfumu yokha ndi chimene chimawapangitsa kuti asagonje msanga, amalimbikirabe mpaka kumapeto. Ndipo amene ali ndi kwini aphunzire kumaliza mosamala

Amalume: Chabwino ndamva, koma sindinavomere

Achimwene aakulu: Talemba kuti simunavomere amalume. Yanga ndi iyi, alamu ndi msuweni chaka chatha anangosuntha kangapo kenako kugwirana chanza ati talepherana, onse awiri nkulowa fainolo. Zimenezi ayi

Alamu: Inali strategy alamu 😂

Achemwali: Imeneyo mankhwala ake alipo kale. Ku Sofia, pa mpikisano wa M-Tel Masters mu 2005, analetsa osewera kupemphana draw okha, umayenera kudzera kwa arbiter, woyang'anira mpikisano. Mpaka pano amati Sofia rules. Kenako ku Bilbao mu 2008 anayamba kuwerenga ngati mpira, wowina mapointi 3, kulepherana 1, woluza 0. Mwachizolowezi ndi 1, theka ndi 0, ndiye ma draw awiri amafanana ndi kuwina kumodzi kuluza kumodzi, koma pa 3-1-0 woyesa mwayi uja amapeza 3 wamantha 2

Alamu: Nanga tikangobwereza position katatu? imeneyonso ndi draw mlamu, simungatiletse

Achemwali: Zoona sitingaletse, lamulo limenelo likhalapo, la ma move 50 osadya kanthu osasuntha poni likhalaponso. Koma ndi pointi imodzi yokha mudzaona ngati mulowe fainolo

Azakhali: Izi ndagwirizana nazo, zonse ziwiri

Mdzukulu: Ine ndimati tiyese Chess960 🙏 pa Lichess, website ya chesi ija, ndimasewera imakoma heavy

Amalume: Ndiye chani chimenecho

Mdzukulu: Anayambitsa katswiri wa ku America Bobby Fischer agogo, analengeza ku Buenos Aires mu 1996. Ma poni amakhala malo awo omwe aja koma mzere wakumbuyo umasokonezedwa mwamaere, bola ma bishopu akhale pa mabokosi osiyana mtundu ndipo mfumu ikhale pakati pa ma ruku awiri, zakuda zimayalidwa mofanana ndi zoyera. Njira zoyalira zimakwana 960. Ndiye palibe zoloweza pamtima opening, ma move oyambira gemu aja, umaganiza kuyambira move yoyamba. Mu 2019 Wesley So anamuchinya Magnus Carlsen pa world championship yake yoyamba ya FIDE, bungwe la chesi la dziko lonse

Agogo: Akundilembera ndi mdzukulu wanga wamkaziyu. Ine ndinaphunzira kuti kwini imakhala pa mtundu wake, hatchi pambali pa ruku. Zoyala bolodi mwamaerezo musewere nokha, chesi sasintha

Achemwali: Agogo pepani koma inasinthapo kale kkk. Kwini imene mumaikondayi kale inkayenda bokosi limodzi lokha chopingasa, inali yofooka zedi. Mphamvu zake izi inazipeza chakumapeto kwa zaka za m'ma 1400 ku Europe. Katswiri wa ku Cuba Capablanca nayenso m'ma 1920 ankafuna bolodi lalikulu ndi zosewerera ziwiri zatsopano poopa kuti chesi ifa ndi ma draw

Agogo: Ndiye inafa?

Msuweni: 😂😂 agogo awina

Alamu: Vuto la 960 ndi castling, kuja kosuntha mfumu ndi ruku pa move imodzi kuti mfumu ibisale, ngakhale ine imandizunguza. Mfumu ndi ruku zimakathera malo omwe aja a nthawi zonse koma zikuchokera kwina kulikonse, ana tidzangokhalira kuwafotokozera tsiku lonse. Kuli bwino ganizo la katswiri wa ku Russia Kramnik, bolodi kuyala mwachizolowezi koma castling osaloledwa basi. Analiyesa ndi kompyuta ija AlphaZero ya DeepMind, ndipo mu 2021 ku Dortmund anasewera choncho ndi Anand, anawina Anand

Azakhali: Alamu ine chaka chonse ndakhala ndikuuza ana kuti bisani mfumu msanga, ndiye lero tiwauze kuti nzoletsedwa?

Achemwali: Apa ndiye pamene ndimafuna tifike. Zosintha zonsezi, 960, no castling, akuchiza matenda a ma grandmaster, akatswiri akuluakulu aja. Iwowo amakonzekera ndi kompyuta ma move ambirimbiri asanakhale nkomwe pa bolodi, nchifukwa chake mu 2018 ku London Carlsen ndi Caruana analepherana magemu onse 12 mpaka anakamaliza pa rapid, magemu a nthawi yochepa. Ifeyo matenda amenewo tilibe abale, timasiya kwini poyera hatchi ikuyang'ana. Palibe pano amene waloweza opening mpaka gemu kuuma. Athu mavuto ndi awiri, draw yogwirizana ndi anthu oganiza ola lathunthu pa move imodzi

Agogo: Ukunena ine

Achemwali: Sindinatchule munthu agogo 🙈 ndimati tiike wotchi, mphindi 15 aliyense, ndi masekondi 10 owonjezera ukasuntha. Zowonjezerazo nazonso anabweretsa Fischer yemwe uja, zimathandiza kuti munthu asaluze gemu yowina chifukwa nthawi yangomuthera. App ya wotchi pa foni ilipo yaulere

Achimwene aakulu: Agogo okha tiwapatse mphindi 25, alipo wotsutsa?

Amalume: Palibe. Nanga fainolo ikatha draw?

Mdzukulu: Armageddon! ku Norway Chess amapanga kuyambira 2019. Zoyera nthawi yambiri, zakuda yochepa, koma zikalepherana wawina wa zakuda. Ife tingapange mphindi 5 ndi 4

Amalume: Ndiye kuti munthu wa zakuda nditamutsekera stalemate, chikho atenga iyeyo??

Msuweni: Eya amalume kkkkkkk

Amalume: Koma abale inu

Azakhali: China, touch move. Akuluakulu mukagwira musunthe, palibe zobweza. Koma ana osakwana zaka 10 tiwalole kubweza kamodzi pa gemu, apo bii kulira kudzachuluka

Alamu: Kamodzi kokha, ndipo mnzake asanasunthe

Achimwene aakulu: Ndamanga motere. Stalemate ikhala. Kupemphana draw kulibe, mapointi 3-1-0. Wotchi 15+10, agogo 25. Fainolo ikakanika Armageddon. Castling ilipo. 960 tipange madzulo mpikisano ukatha kwa amene akufuna, mapointi ake sitiwerenga. Arbiter akhale azakhali poti sakusewera

Mdzukulu: 960 yamadzuloyo agogo ndikufuna inuyo

Agogo: Tiona

Achimwene aakulu: Mabolodi alipo atatu, tikufuna lachinayi. Alamu lanu lija hatchi yakuda inapezeka?

Alamu: Sinapezeke koma ndibwereka lina

Achimwene aakulu: Chabwino. Amene mukusewera tumizani maina pano pofika Lamulungu, a ana omwe ndi zaka zawo, achemwali apange ndandanda ya woyamba kukumana ndi ndani