Lole ya aneba ikumagona moyang'anizana ndi geti yathu, ndituluke bwanji?

Wofunsa (dzina labisidwa):

Adimini ndibiseni dzina chonde, anthu ena a mumzere mwathu ali pagulu pompano.

Ndimachita lendi ku Area 25, mkati ndithu, kupitirira msika wa Nsungwi. Kamsewu kathu ndi kafumbi, kopanikiza, ndipo uku ndi uku kuli ngalande. Polowa pa geti pathu galimoto imaponda kasilabu kamene a landilodi anayala pamwamba pa ngalandeyo, kongokwana matayala basi. Ndili ndi ka Sienta. Poyamba ndinkatuluka chambuyo bwinobwino, kukhotera mumsewu, ulendo.

Zinasintha chaka chatha aneba a kutsidya kwa msewu atagula Canter yonyamula mchenga ndi njerwa. Kumpanda kwawo kulibe malo, bwalo lonse anamangapo timanyumba ta lendi mpaka kufika pa geti. Ndiye lole imagona panja, ndipo malo amene anaisankhira ndi moyang'anizana ndi geti yathu ndendende. Imafika cha m'ma 8 usiku, ine nditalowa kale.

Ndimagwira ntchito ya mashifiti ku Kanengo, masabata ena ndimayenera kunyamuka 5 koloko isanakwane. Ndikangotulutsa theka la galimoto, bampa yakumbuyo yafika kale pa tayala la lole. Ndikati ndikhote msanga, kutsogolo kukupala chipilala cha geti. Ndiye ndimangoti patsogolo pang'ono, pambuyo pang'ono, mwana wanga wa Sitandade 6 ataima pamphepo ndi tochi ya foni akukuwa kuti "bwerani, bwerani, basi mama!" Chipilala chakumanzere chasanduka mtundu wa galimoto yanga.

Kugogoda sikuthandiza. Dalaivala amakhala kwina ndipo amapita ndi makiyi, komanso usiku amachotsa batire n'kukaisunga m'nyumba kuopa akuba. Ngakhale eni ake atadzuka, lole singalire.

Dalaivalayo ndinamuuza, anati abwana anamulamula kuti aziika pamene pali getsi. Ndinatumanso mawu kudzera kwa mtsikana wawo wantchito, zii. Bambowo maso ndi maso sindinalankhule nawo. Ndi munthu wamkulu, msinkhu wa bambo anga, puloti ndi yawo, ndipo ine ndine wobwera, wa lendi, amuna anga ali ku Joni. Chinanso chondimanga pakamwa n'chakuti pamaliro a apongozi anga, lole yomweyi ndi imene inatuta nkhuni ndi kunyamula anthu, ife tinangothiramo dizilo.

Mvula yayandikira, ndipo pa silabu pakanyowa pamaterera. Msewu wa kutsogolo kwa nyumba ndi wa ndani kwenikweni? Ndipite kwa ndani koma osaoneka ngati munthu wosayamika?

Mnyamata wa ku Ndirande:

Asisi musavutike. Kamtengo ka machesi pa valavu, matayala onse phwaa. Mawa lake aipezera okha malo.

Mayi wa ku Chilinde:

Iwe usapusitse anthu. Lole yophwa matayala isuntha bwanji? Ndiye kuti wadzitsekera wekha tsiku lonse. Komanso kuwononga katundu wa munthu mwadala ndi mlandu wa kupolisi, wodandaula n'kusanduka wozengedwa. Ndipo mumzere monsemo akudziwa amene akuvutika ndi loleyo ndi ndani, sapita kwa sing'anga kuti amupeze.

Dalaivala wa mathiraki:

Mayi, nkhani yanu ndaimva, ndipo musadzikayikire kuti mwina simutha kuyendetsa. Sienta m'litali ndi mamita 4 ndi pang'ono. Canter m'lifupi imadya pafupifupi mamita 2. Ngati kamsewu kanu n'ka mamita 5 kapena 6, malo otsala pakati pa silabu ndi lole ndi ochepa, mwinanso osafika pa utali wa galimoto yanu. Ngakhale ine sindingatuluke kamodzi pamenepo.

Yambani ndi ichi lero lomwe: muzilowa cha livesi. Madzulo mumafika lole isanabwere, msewu uli wanu wonse, ndiye pitirirani geti pang'ono n'kulowa chambuyo mosathamanga. M'mawa mutuluka choyang'ana kutsogolo, magetsi akuunikira lole, mukudzionera nokha pamene mphuno ya galimoto yafika. Mwana agone. Chokha muzikumbukira n'chakuti galimoto imakhota ndi matayala akutsogolo, akumbuyo amangotsatira ndipo amadula kona. Mukapinda chiwongolero msanga, tayala lakumbuyo ndi limene ligwere m'ngalande. Muzidikira lifike pa silabu kaye.

Koma chenicheni ndi pempho limene mukapereke kwa bambowo. Mukakati lole yanu ichoke mumsewu, akana, chifukwa alibe koipititsa. Kawapempheni kuti isunthe utali wa galimoto imodzi basi, kulowera mbali imene inu simukhotera. Ngati potuluka mumakhotera kumanzere kuti mukagwire M1, lole ikhale kumanja kwa geti yanu. Yezani nokha ndi mapazi masana, muike njerwa pamene bampa yake iziima, kuti pokambirana muwaonetse malo enieni. Anthu a magalimoto timamva msanga tikaona ndi maso.

Silabu nayonso iwonjezedwe mbali imene mumakhoterayo. Theka la mita lokha limasintha zambiri.

Wofunsa:

Zikomo bambo, zolowa cha livesi ndiyesa madzulo ano. Za silabu a landilodi anati ngati ndikufuna ndiwonjezere ndi ndalama zanga, iwo galimoto alibe.

Mayi wa ku Chilinde:

Auzeni muwonjezera koma mudula pa lendi. Silabu simudzanyamula posamuka.

Mwini minibasi, Bangwe:

Ndilankhuleko ngati munthu amene galimoto yake imagonanso panja. Ambiri muno mukuona ngati bambowo ndi amwano, koma mwina akungoopa. Lole ikagona pamdima, m'mawa umapeza thanki ya dizilo yauma, paipi anakokera m'zigubu. Batire, alitaneta, magalasi, tayala la sipeya, zonse zimayenda usiku umodzi. Ndipo masiku amene mafuta akusowa, dizilo amene munthu wagonera pa mzere kuti amupeze sangamusiye pamene sakumuona pawindo. Malo olipira ogonekapo magalimoto alipo, pomwetsera mafuta pena kapena m'mipanda ya anthu yokhala ndi mlonda, koma usiku uliwonse ndi ndalama, ndipo lole ya mchenga si tsiku lililonse imapeza oda.

Dalaivala wa loleyo wakuuzani kale vuto: getsi. Mukapita ndi yankho la getsilo, mwapambana. Mukapita ndi lamulo, iwonso akukumbutsani za nkhuni za pamaliro.

Agogo a ku Area 18:

Mwana wanga, kandimverere adakanena za m'maluwa. Watuma dalaivala, watuma wantchito, ukudziwa bwanji kuti mawu anafika, ndipo ngati anafika anafika otani? Wantchito sangaime pamaso pa abwana ake n'kunena kuti lole yanu ikusowetsa anthu mtendere. Mwinanso bambowo anamva, koma anakhumudwa kuti neba wawo akuwalankhula kudzera kwa ana.

Usapite m'mawa uli ndi mkwiyo, ndiponso usawaimitse pamsewu anthu akuona. Pita Lamulungu masana ataweruka kutchalitchi, uyambire kwa amayi a pakhomopo. Ukhale pansi, uwalonjere, uthokozenso za pamaliro zija ngakhale unathokoza kale. Kenako unene kuti pali kanthu kakundivuta, ndimati ndipemphe nzeru kwa bambo. Popeza amuna ako kulibe, tenga a landilodi kapena akazi awo, chifukwa iwo ndi eni puloti anzawo, amadziwana kuyambira kale, ndipo geti imene ikutsekedwayo ndi yawo.

Ife tinalowa m'nyumba za kuno likulu litangosamukira ku Lilongwe mu 1975. Nthawi imeneyo mumzere wonse mwina galimoto inali imodzi, ena tonse basi ndi njinga. Amene ankadula mapuloti ndi timisewu ta m'makomboni sankaganiza zoti pakhomo lililonse padzakhala galimoto ya ku Japan yolowera pa Songwe, ndiponso kuti mabwalo adzadzaza timanyumba. Ndiye kupanikizana kumeneku kuli paliponse, si kwanu kokha.

Wogwira ntchito za malo ndi mapulani:

Ndiyankhe funso loti msewu ndi wa ndani. Puloti ya munthu imathera pa bikoni, chizindikiro cha malire a puloti. Kuchoka pamenepo, ngalande ndi msewu si za mwini nyumba, ngakhale atakhalapo zaka zingati kapena atamasesapo tsiku lililonse. Timisewu ta m'malokeshoni timayang'aniridwa ndi khonsolo ya mzinda. Choncho bambowo sanganene kuti apa ndi panga, komanso inu simungawaletse kuima mumsewu chifukwa chongoti ndi kutsogolo kwanu. Chimene muli nacho mphamvu ndi chakuti galimoto isatseke njira, yanu yotulukira ngakhale ya anthu ena odutsa. Nkhani yotseka njira apolisi a pamsewu amaigwira, ndipo kwanuko ndi ku Kanengo.

Koma musalumphe masitepe. Mukalephera nokha, pitani kwa a buloko lida, iwo amaitana mbali zonse n'kukhala pansi. Zikakanika apo, khansala wa dera lanu kapena kalata ku khonsolo, mosayinidwa ndi a landilodi ndi aneba ena ngati alipo ovutika. Jambulani zithunzi usiku ndi m'mawa zoonetsa geti, silabu ndi lole pamodzi, muzisunge m'foni, osaziponya pa Facebook. Ndipo pofotokoza tchulani za odwala. Munthu atadwala pakati pa usiku m'nyumba mwanumo kapena kumapeto kwa mzere, galimoto yothamangira naye kuchipatala idutsa pati, lole ilibe batire ndipo makiyi ali kwina? Mfundo imeneyi imamveka kuposa ya penti.

Mnyamata wa ku Ndirande:

Kwa a buloko lida musaiwale chabwalo, sapita chimanjamanja kumeneko.

Mlongo wa ku Nottingham:

Kuno ku England zinalembedwa. Buku la malamulo a pamsewu la Highway Code, lamulo 243, limati usaime pakhomo lolowera pamalo a munthu. Pamene m'mphepete mwa msewu anatsitsa kuti galimoto izikwera kulowa pakhomo, ukaimapo khonsolo itha kukulipiritsa, mphamvuyo anaipeza mu Traffic Management Act ya 2004. Koma taonani, zimenezo n'za amene waima pakhomo penipeni. Woima kutsidya kwa msewu ngati aneba anuwo, kuno komwe nthawi zambiri samugwira, bola ngati sanatsekeretu njira. Azungu nawonso amangosiyirana timakalata pagalasi n'kumadana mwakachetechete.

Mayi wa ku Chilinde:

Kakalata pagalasi kwa munthu wamkulu kuno ndiye kutukwanatu.

Wofunsa:

Ndabweranso abale. Kulowa cha livesi kwathandiza, mwana sakudzukanso, ngakhale kutuluka kamodzi sikukuthekabe.

Lamulungu tinapita ndi akazi a landilodi monga ananenera agogo. Amayi a pakhomopo anatilandira bwino, bambo anatuluka atavala malaya a kutchalitchi. Anati uthenga wa mtsikana uja sanaumve, koma dalaivala anawauzapo kuti "mayi a Sienta akudandaula", iwo n'kuganiza kuti ndi za phokoso la injini m'mawa. Ndinawatengera pa geti kukawaonetsa chipilala. Anapukusa mutu, anawerama n'kukhudza penti ija ndi chala, kenako anayeza okha ndi mapazi mpaka pa njerwa imene ndinaika.

Kusuntha avomera, koma pali ziwiri. Pamene pali njerwapo ndi pamdima, getsi la pa geti pawo silifika, ndiye akuti ine ndiike babu pakona ya mpanda wathu loyang'ana kumeneko, lizikhala loyaka usiku wonse. Mita ndi yathu tokha, mayunitsi ndimagula ndine. Chachiwiri, lole ikasuntha kumbuyo kwake kukufika pawindo la okala ya mayi ena oyandikana nawo, amene amatsegula 6 koloko kugulitsa buledi ndi mandasi. Iwo sitinawafunse, ndipo sindikufuna vuto langa ndingolisamutsira kwa mnzanga. Babulo ndivomere? Mayunitsi sandithera?

Wokonza zamagetsi, Kawale:

Vomerani mayi. Babu la LED la mawatsi 10 likayaka maola 10 usiku uliwonse, pamwezi ladya mayunitsi 3 okha. Ayironi ya mawatsi 1,000 imadya omwewo m'maola 3. Mugule chotchingira mvula, ndipo waya adutse mkati mwa mpanda, osati kunja, angamusolole. Ngati mukuopa za kuzima kwa magetsi, pali timagetsi ta sola toyaka tokha munthu akadutsa, koma mukamange pamwamba pamene dzanja silifika.

Dalaivala wa mathiraki:

Za okala zisakuvuteni. Funsani kuti lole imanyamuka nthawi yanji. Ya mchenga kawirikawiri imalawirira, ndiye ngati dalaivala amafika 6 isanakwane, mayi a mandasi aipeza itapita. Masiku opanda oda, inu mukangotuluka aibwezeretse pamalo akale. Koma mayiwo mukawauze nokha lero, pamodzi ndi bambowo, asanaione pawindo pawo. Ndipo njerwa ija ichotseni, ana aisuntha. Khomani chikhomo chachitsulo m'mphepete mwa ngalande, muchipake laimu kuti dalaivala azichiona usiku.