Mayi wina akunjenjemera tikatsinzina pagulu: ndisiye kapena ndisinthe?

Mlangizi wa kumudzi, dera la nyanja ya Chilwa:
Anzanga pantchito, ndikupempha nzeru zanu. Ndikuyendetsa gulu la amayi ndi abambo amene anataya nyumba ndi abale pa namondwe wa Freddy mu Malichi 2023. Poyamba msonkhano ndimawapempha kuti atsinzine n'kumamvetsera mpweya wawo ukulowa ndi kutuluka, monga tinaphunzirira. Ambiri mtima umakhala pansi, koma mayi wina akangotsinzina amayamba kunjenjemera, thukuta lili kamukamu, n'kumanena kuti akumva mkokomo wa madzi. Sabata yatha anatuluka pakati pa msonkhano ndipo sanabwerenso. Kodi ndisiye zopumazi?

Namwino wa matenda a maganizo, Zomba:
Achimwene, musasiye, koma musinthe kachitidwe. Munthu amene anaona zoopsa thupi lake limakhalabe tcheru ngati kuti ngoziyo sinathe, choncho mukamuchotsera zoona ndi zomva za pamalo pamene ali, zimene zimatsala ndi zithunzi za usiku ujawo. Zopumazi zinachokera ku maphunziro monga a masabata 8 amene Jon Kabat-Zinn anayambitsa ku Massachusetts, ku America, mu 1979, amene anakonzera makamaka odwala ovutika ndi ululu wosatha komanso nkhawa, ndiye sitingawakopere mmene alili kwa anthu amene anapulumuka m'madzi osefukira. Mayiyo asatsinzine. Apondetse mapazi pansi, agwire mkeka umene akhalapo n'kumva kukhakhala kwake, atchule mokweza zinthu zitatu zimene akuona, kaya ndi mtengo wa mango kapena chitenje cha mnzawo. Mphindi ziwiri zakwana. Muwauziretunso kuti ali ndi ufulu wolekeza nthawi iliyonse, chifukwa chimene madzi anawalanda ndi mphamvu yosankha.

Wa ntchito za chisamaliro cha anthu, Domasi:
Ndikugwirizana ndi anamwino, koma ine ndimaona kuti timataya nthawi yambiri pa kupuma n'kuiwala mbali ina, ya zimene munthu amachita pa moyo wake. Njira yothandizira maganizo yotchedwa ACT (Acceptance and Commitment Therapy), imene Steven Hayes anayambitsa, silinga zothamangitsa maganizo owawa. Imaphunzitsa munthu kuwalola kuti akhalepo, iye n'kumachitabe zimene amaziona kuti n'zofunika pa moyo wake. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linamangapo dongosolo la Self-Help Plus, la misonkhano 5, limene linayesedwa pakati pa amayi othawa nkhondo a ku South Sudan okhala ku Uganda. Mayiyo afunseni kuti akufuna adzukulu awo aziwadziwa ngati agogo otani. Akati agogo osamala, gwirizanani kanthu kamodzi kotheka sabata imeneyo, monga kuwaperekeza kusukulu ngakhale njirayo imadutsa pafupi ndi mtsinje, ayambe ndi theka la njira ali ndi mnzawo. Ndiwonjezere kuti ena amakayikira zokhala chete zimenezi poganiza kuti ndi chipembedzo chachilendo, ndiye muzifotokoza bwino pachiyambi pomwe.

Namwino wa matenda a maganizo, Zomba:
Zamtsinjezo zisafulumire, bambo, mpaka mayiyo atazolowera kudzikhazika mtima pansi. Ndipo mukamva kuti sakugona usiku ndi usiku, asiya kudya, kapena akulankhula zodzipha, gulu silikwanira: pitani nawo kuchipatala chapafupi tsiku lomwelo, kumene angawatumize ku Zomba Mental Hospital ngati pakufunika kutero.

Mlangizi wa kumudzi:
Zikomo kwambiri nonse. Lachinayi ndikawayendera kunyumba limodzi ndi mlangizi wa zaumoyo wa m'deralo, tikayambire pa mkeka maso ali otsegula, zakugulu tidzakambirana pambuyo pake.