Mbale za jazi za 78 zachita chuku, ndizitsuke ndi chiyani?

Funso: Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ndili ndi mbale zakale za galamafoni za 78 (zozungulira maulendo 78 pa miniti), zija zolemera zosachedwa kusweka, za magulu a jazi a ku America a m'ma 1920. Zambiri ndi za Paul Whiteman pa Victor ndi Fletcher Henderson pa Columbia, koma imodzi ndi yokhuthala kwambiri, yolembedwa Edison. Zina zachita chuku m'mizere. Kodi sipiliti angachotse? Nanga ndiziimbe pa galamafoni yopukusa ija kapena pa turntable (choimbira mbale chamagetsi) yamakono?

Yankho: Achimwene, sipilitiyo ayi, chonde. Mbalezo ndi za shellac, utomoni wouma wochokera ku tizilombo, ndipo shellac amasungunuka ndi sipiliti. Dontho limodzi lokha limasiya banga lotuwa, mizere n'kufafanizika, nyimbo osabwereranso. Tengani madzi a distilled, aja othira m'batire ya galimoto, osati asidi. Mu lita imodzi donthezani madontho awiri a sopo wamadzi wotsukira ziwiya. Pakani ndi burashi yofewa motsata mizere, mozungulira, lebulo isanyowe chifukwa inki imasuluka. Tsukuluzani ndi madzi omwewo opanda sopo, pukutani ndi nsalu yosasiya ulusi, muyiimike pamthunzi tsiku lathunthu musanaibweze m'chikwama. Osaiviika: Columbia zambiri za nthawiyo zili ndi pepala mkati, madzi akalowera m'mphepete mbale imatupa n'kuyamba kusendeka. Zikwama zakalezo tayani, chuku chimabisala mmenemo.

Yankho: Ya Edison ija muyiike payokha. Imeneyo ndi Diamond Disc, mkati mwake muli ufa wa matabwa, madzi ndiye mdani wake. Ndi yokhayo yomwe mungapukute ndi kansalu konyowetsa pang'ono ndi sipiliti. Mizere yake inadulidwa mokwera ndi kutsika, imazungulira pa 80, ndipo singano yachitsulo imaiwononga kamodzi kokha.

Yankho: Pa zoimbazo, galamafoni yopukusa imakanikiza mbale ndi magalamu opitirira 100. Singano yachitsulo ndi ya mbali imodzi basi, kenako kutaya. Ikaphwa imapala mizere, ndipo mukaona kafumbi kotuwa pansonga pake, dziwani kuti ndi mbaleyo ikutha. Zojambulidwa ndi maikolofoni kuyambira 1925 zimatha msanga chifukwa mawu ake ndi amphamvu. Ine ndinganene kuti pezani turntable yokhala ndi liwiro la 78, muike singano ya 78 ya 3 mil (muyezo wa kukula kwa nsonga), kulemera magalamu 3 mpaka 5. Ya LP (mbale zapulasitiki zomwe zinabwera pambuyo pake) ndi ya 0.7 mil, imamira mpaka pansi pa mzere, mumangomva phokoso ngati mvula padenga la malata.

Wofunsa: Zikomo kwambiri. Nanga bwanji zina zikumveka zothamanga kapena zaulesi?

Yankho: Liwiro la 78 linali lisanakhazikike bwino, bambo. Columbia zambiri zoyambirira ndi za 80, Victor zina zimatsikira cha ku 76. Sinthani liwiro mpaka malipenga amveke mwachibadwa. Pojambulira pa kompyuta kumbukirani kuti RIAA, muyezo wosinthira besi ndi mawu a m'mwamba womwe amplifaya yamakono imatsatira, inabwera 1954, mbalezi zitajambulidwa kale, ndiye amplifaya yamakono imachulutsa besi n'kubisa mawu a m'mwamba. Sungani fayilo ya WAV yosakonza, mulembenso nambala yodindidwa pakati pa lebulo ndi mizere, ndiyo imathandiza kupeza tsiku lojambulira.

Yankho: Posunga ziimikeni chilili, osasanjikiza, pashelefu yolimba yokhala ndi chotchinga masentimita 15 aliwonse, kutali ndi dzuwa ndi khoma lachinyontho. Ya mng'alu musaiimbe, singano imaukulitsa.