Engineering ya ma lights ndi sound pa steji, munthu angaphunzire kuti?

Luchenza_boy:
Anzanga ndithandizeni maganizo. MSCE yatuluka, masamu ndi physics ndakhoza bwino, koma chimene mtima wanga umafuna ndi kuyendetsa ma lights ndi sound pa zisudzo, kusewerako ayi. Bambo akuti ndipange engineering yeniyeni zamasewerazo ndisiye. Kodi ziwirizi zingaphatikizane? MUST ili pafupi pompano ku Ndata ndiye ndimati mwina kumeneko.

Achimwene_a_Chitakale:
Aphwanga musalimbane ndi bambo, zimene akunenazo ndi zomwe mukufunazo. Kunja ziliko ndithu, ku Purdue ku America munthu amapanga engineering n'kutsamira ku theatre, koma kwathu kuno njira ndi electrical kapena electronics ku MUBAS, ija tinkaitcha Poly ku Chichiri. MUST inatsegulidwa 2014, ili ndi ma engineering ngati chemical, biomedical ndi za zitsulo, komanso kuli Bingu School of Culture and Heritage komwe amaphunzira nyimbo, koma musasankhe sukulu chifukwa choti minibasi yake ndi yotchipa. Onani kaye ma programme pa fomu ya NCHE yofunsira malo ku yunivesite.

DJ_Limbuli:
Ine digiri ndilibe koma zida ndanyamula mpaka msana kuwawa, ndiye mverani. Anthu amaona ngati ntchitoyi ndi kukweza volume basi, koma mutu umazungulira magetsi akathima pakati pa sewero muyatse jenereta, kenako ma sipika ayambe kulira hmmm chifukwa earth palibe kapena mwaika ma lights ndi amplifier pa line imodzi, anthu akukuwa kumbuyo, director akukuyang'anani ndi diso lofiira, inu simukudziwa kuti mugwire chingwe chiti. Wodziwa kuwerengera load, kuchuluka kwa magetsi amene zida zikukoka, zimenezi sizimupeza. Magetsi athu ndi 230 volts, soketi ya 13 amps singanyamule zoposa pafupifupi 3000 watts, koma mupeza munthu wasanjikiza ma extension atatu mpaka pulagi kutentha kununkha pulasitiki. Ma LED anatipepuza chifukwa sadya magetsi ngati mababu akale aja, koma nawonso amafuna mudziwe DMX, njira yolamulira ma lights, chingwe chimodzi chimanyamula ma channel 512 ndipo laiti iliyonse muipatse address yake, mukaphonya mudzaona yofiira ikuyaka pomwe mumafuna ya buluu. Mukafuna kuona ntchito pitani pa Chonde nthawi ya Mulhako mu October, mukaime pafupi ndi anyamata a mixer osati kutsogolo kwa ovina.

Mai_Nambewe:
Mwanawe, musaiwalenso kuti zisudzo zenizeni amaphunzitsa ku UNIMA ku Zomba, ija tinkaitcha Chanco. Injiniya amene sadziwa kuti sewero likupita kuti amathimitsa nyali munthu asanamalize mawu. Kulikonse mungapite lowani drama club, muziwerenga script ngati osewerawo.

Luchenza_boy:
Zikomo nonse. Nanga ndikapanda kusankhidwa ku yunivesite?

Achimwene_a_Chitakale:
Electrical installation ku ma koleji a TEVETA, monga Soche. Ma weekend muzipempha kunyamula ma sipika kwa a ma PA (zokuzira mawu) a maukwati ndi kutchalitchi, amenewo anthu onyamula amawasowa nthawi zonse.

DJ_Limbuli:
Loweruka tili ndi chinkhoswe ku Muloza, ngati muli serious ndipezeni ku inbox. Mubwere ndi nsapato zotseka, ma silipasi ayi.