Kodi "kupatsa n'kuika" akunena kuika kotani?

Akuluakulu odziwa miyambi, ndithandizeniko. Mwambi woti "kupatsa n'kuika" ndakhala ndikuumva motere: ukagawira mnzako lero ndiye kuti wasungitsa, tsiku lomwe zako zidzathe iye adzakukumbukira. Koma kuntchito kwathu mwambiwu wautsa mtsutso, ndipo ndayamba kuona ngati uli ndi mbali ina.

Nkhani yake ndi ya maphikidwe. Pa nkhomaliro timakonda kulawitsana zimene aliyense wabwera nazo kuchokera kunyumba, ndiye tinapangana kuti aliyense alembe kaphikidwe kamodzi kamene anaphunzira kwa amayi kapena agogo ake, tigawane. Ambiri analemba. Koma mayi wina, amene msuzi wawo wa nyama tonse timachita kunyambita nawo zala, anakana mwaulemu. Anati ndi chinsinsi cha malemu amayi awo. Bambo wina wachikulire, amene watsala pang'ono kupuma pantchito, anangoti, "Mayi, kupatsa n'kuika." Mayiwo anayankha kuti mwambiwo sukugwira pamenepa, chifukwa iwo sakuyembekezera kuti munthu adzawabwezere kanthu.

Apa m'pamene mutu wanga waima. Wopatsa chakudya amachepetsa chake. Mbale ikatuluka, mumphika mwachepa, n'chifukwa chake mwambi umamutonthoza kuti sanataye. Nanga kaphikidwe? Ukauza mnzako, iwe ukadali nako konse. Ndiye chimene waika n'chiyani?

Bambo aja anafotokoza kuti kuikako si ngongole ayi, koma kusunga pamalo pabwino. Anati zili ngati kugawira mnzako mbewu: yako ikafumbwa, mtundu wake umakaupeza kwa iye. Kwa iwo, amene amapindula poyamba si wopatsa kapena wolandira, koma chinthu chenichenicho, chifukwa sichifa.

Ine ndikupendekera kwa bambowa, ndipo chimene chikundikokera kumeneko ndi zimene tinalemba zija. Pafupifupi aliyense analemba kuti "mchere pang'ono", "ufa wodzaza manja", "dikirani mpaka zipse". Manja a ndani? Amene anayesa kuphika motsatira pepala anapeza kuti sizikufanana ndi zimene analawa. Tinayesa kuikapo miyezo: supuni yaing'ono ndi mamililita 5, yaikulu 15, kapu 250, ngakhale kuti kapu ya ku America ndi yocheperako, pafupifupi 240. Tinalembanso kuti keke imafuna uvuni wa madigiri 180, ndiponso kuti madzi akatentha kufika cha m'ma 60 amapha yisiti, buledi osafufuma. Izi zinathandiza ndithu. Koma palibe nambala yomwe ingakuuze mtundu wa anyezi pa nthawi yoyenera kuthira madzi, kapena fungo losonyeza kuti moto wachuluka. Zimenezo munthu amaziphunzira ataima pambali pa wophika.

Ndipo vutoli si la lero. Pa yunivesite ya Yale ku America amasunga mapale adothi ochokera ku Mesopotamia, dera lakale lomwe mbali yake yaikulu lero ndi dziko la Iraq, olembedwa cha m'ma 1750 Yesu asanabadwe, pomwe pali maphikidwe a nyama ndi msuzi. Olemba ake anatchula zothiramo, koma kuchuluka kwake sanalembe. Ankalembera anthu odziwa kale kuphika. Odziwawo atatha, akatswiri a masiku ano amachita kuyerekeza kuti chakudyacho chinkakoma bwanji. Zimandimvetsa chisoni kuganiza kuti msuzi wa mayi aja ungadzathe chimodzimodzi, poti ana ambiri amakulira kusukulu ndi kuntchito, kutali ndi mphika wa makolo awo.

Komabe sindikufuna kuwalakwira mayiwo. Kwa iwo kaphikidweko ndi chimodzi mwa zochepa zimene amayi awo anawasiyira, ndipo mnzako wa kuntchito si m'bale wako. Lero muli limodzi, mawa wasamutsidwa kapena wapeza ntchito kwina. Kodi munthu angaike chinthu cha mtengo wapatali kwa amene sakudziwa ngati adzaonanenso? Mwina mwambiwu unabadwira pakati pa anthu okhala moyandikana moyo wawo wonse, amene kubwezerana kunali kosakayikitsa.

Palinso china chimene chikundivuta, ndipo mwina n'chachikulu kuposa zonsezi. Ine mwambiwu ndimaumva pakamwa pa wopatsa, kapena pa kholo lolangiza mwana woumira. Kodi n'koyenera kuti wopempha aunene kwa amene akumupempha? Bambo aja ananena mwachikondi, koma ndinaona kuti mayiwo anachita manyazi, ngati awanena kuti ndi omana.

Ndiye inu amene munaumva kwa agogo anu, ankaunena pa nkhani zotani? Ankanena za chakudya ndi katundu basi, kapena ankaphatikizapo nzeru ndi luso la manja? Ndipo kodi munamvapo wolandira akuugwiritsa ntchito?